Mwala wa M'sokosi

Woolwich, London
9 Febuluwale 2025

Okondedwa Bambo,

Ndayamba ndi moni kwa inu ndi Amayi. Kodi muli bwanji kumeneko? Maso aja akuchitabe nkhungu, kapena mankhwala odonthezera aja athandizako? Nanga bondo la Amayi likuti bwanji ndi mvula ino? Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Kukuzizira kwambiri, koma jekete ndili nalo.

Atikonda mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwawerengera Bambo kalatayi. Uwerenge pang'onopang'ono, usadumphe mzere, ndipo ukafika poseketsa usayambe kuseka iwo asanamve. Ndailemba katatu. Yoyamba ndinafufuta kwambiri. Yachiwiri ndinabisamo zina. Ino ndi yachitatu, ndipo sindinabise kanthu.

Bambo, pamodzi ndi kalatayi azakhali a Justina, amene ndimakhala nawo kuno, akupatsani kanthu kolemera kali m'sokosi yakuda. Musakatulutse msanga. Muyambe mwamva nkhani yake.

Ndikudziwa kuti nkhani za banja zimadzera kwa amalume, ndipo sindikuwadumpha. Koma nkhani ya mwala ndi yanu. Pa Khirisimasi paja, azakhali atakuuzani pafoni kuti a Shadrick a ku Thyolo, amene timapemphera nawo kuno, andifunsira banja, inu simunafunse zambiri. Mutamva kuti apeza ntchito kutali ndi London ndipo akufuna tikakhale konko, munangoti nditumize mwala wa pamalo pamene mkamwini akufuna kukandikhazika. Azakhali anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinamva chimene mumanena.

Zaka zonse zimene munamangira anthu nyumba ku Phalombe, simunkayamba maziko musanakumbe kadzenje kofika m'chiuno. Mukapeza miyala yansonga, munkati timange. Mukapeza yobulungira ndi yosalala, munkakwirira dzenjelo n'kusenza zida zanu, mwini malo akudandaula kumbuyo. Munkati mwala subulungira wokha, amaugubuduza ndi madzi, ndipo madzi amene anadutsa pamalo kale akhoza kudzadutsanso.

Achimwene a Greenwell anakusekani tsiku lija mutapeza miyala yobulungira pa puloti yawo ya m'mbali mwa msewu. Anati papita zaka makumi atatu madzi osafika pamenepo. Sindikuwaimba mlandu, ngakhale ine ndinkaikonda nyumba ija ndi malata ake obiriwira. Mwezi wamawa zikwana zaka ziwiri chitsikire phiri la Michesi ndi namondwe uja Freddy, ndipo m'manda mwawo tinaikamo thunthu la nthochi chifukwa iwo sitinawapeze. Pepani kuti ndakukumbutsani. Ndafuna mudziwe kuti sindinaiwale.

Tsopano ndifotokoze za ntchito ya a Shadrick, monga ndaimvera ine. Iwo ndi omanga zitsulo zimene zimalowa m'kati mwa konkire. Kumene akupitako akumanga malo aakulu opangira magetsi a nyukiliya, m'mphepete penipeni mwa nyanja yamchere. Akuti amatenga miyala ngati ija imakumbidwa ku Kayelekera ku Karonga, n'kuikonza mpaka izitentha yokha popanda nkhuni kapena malasha. Kutenthako kumawiritsa madzi, nthunzi n'kumazunguza makina, magetsi n'kutuluka opita m'nyumba zosawerengeka. Utsi palibe.

Chovuta chake inu muchimva msanga, chifukwa uvuni wa njerwa mumaudziwa. Ngakhale mutasiya kusonkhezera, uvuni umakhala ukutentha masiku angapo. Moto uwunso ndi chimodzimodzi, koma wokha sungazizire bwino. Umafuna mapampu azipopa madzi osalekeza, ngakhale atauzimitsa. N'chifukwa chake amakonda kuumanga pafupi ndi nyanja. Mapampu akaima, umatentha mpaka kusungunula chotengera chake, ndipo mumatuluka poizoni wosaoneka, wosanunkha, woyenda ndi mphepo.

Zinachitikapo ku Japan mu 2011. Kunachita chivomezi pansi pa nyanja, ndipo funde lalikulu linakwera kupitirira khoma limene anamanga. Madzi anamiza majenereta amene anali m'munsi, mapampu n'kuima. Anthu a m'midzi yozungulira anasamutsidwa, kusiya minda, ziweto ndi manda a makolo awo, ndipo ena mpaka lero sanabwerere. Ndinaziona pafoni ya azakhali. Madzi ake anali akuda, atasenza magalimoto ndi madenga. Ndinazimitsa foniyo msanga, chifukwa madzi amenewo ndimawadziwa.

Kuno anthu akukangana nazo. Ena akuti magetsi amenewa ndi abwino chifukwa satulutsa utsi umene ukutenthetsa dziko n'kumakulitsa anamondwe ngati uja anatipeza ife. Ena akuti n'kupusa kumanga moto wosazima m'mphepete mwa nyanja pamene nyanjayo ikukwera chaka ndi chaka. Ine ndikamva awa ndimavomera, ndikamva awo ndimavomeranso. Sukulu yanga inathera Sitandade 8, sindingawaweruze.

Ndiye Loweruka lina mwezi wathawu ndinapempha a Shadrick kuti andiperekeze ndikaone ndekha. Tinakwera sitima maola awiri, kenako basi. Sindinawauze chimene chinali m'chikwama changa. Ndinatenga supuni yaikulu yopakulira ya azakhali.

Bambo, malowo ndi okongola moti ndinaiwala kaye mantha. Dziko lake ndi lathyathyathya ngati dambo la Chilwa. Kumwamba ndi nyanja zinali za mtundu umodzi, wotuwa, osadziwa pamene china chathera. Makina aatali onyamulira zitsulo anaima m'nkhungu ngati akakowa akudikira nsomba. Ndinaima nthawi yaitali n'kumaona m'maganizo kanyumba kakang'ono ka zenera loyang'ana kum'mawa, ine ndikuyanika zovala za ana, a Shadrick akubwera ndi chisoti chawo m'manja. Ndinaonanso Amayi atakhala pakhonde la nyumbayo akusenda nandolo, ngakhale ndikudziwa kuti kuzizira kwake sangakupirire.

Kenako ndinayang'ana pansi.

Sindinafunike n'kukumba komwe. Gombe lonse, kuchokera pamene ndinaima mpaka kumene maso amathera, ndi miyala yobulungira yokhayokha. Mchenga wochepa, miyala ngati mazira a nkhuku, yosalala, miyandamiyanda, ikulira pansi pa nsapato. Ndinagwadabe n'kuyamba kukumba ndi supuni ija pafupi ndi mpanda wawaya, ndikuganiza kuti mwina pansi pali yansonga. Ndinakumba mpaka dzanja linalowa kufika m'chigongono. Yobulungira yokhayokha.

A Shadrick anaseka mpaka kugwira mawondo. Anati sankadziwa kuti akufunsira bwana woyendera mapulani, ndipo akanadziwa akanavala tayi. Anati azungu abwera ndi makina a mtengo wapatali kudzayeza nthaka, osadziwa kuti ku Phalombe kuli supuni yomaliza zonse. Mayi wina woyenda ndi galu anaima n'kufunsa ngati ndataya mphete. Ndinachita manyazi kwambiri. Ndinakwirira dzenjelo bwinobwino monga mumachitira inu, n'kuika mwala umodzi m'thumba la jekete. M'sitima pobwerera ndinkangopapasa mwala uja m'thumba. Iwo ankayesa ndakwiya ndi kuseka kuja. Za achimwene ndinali ndisanawauze, ankangodziwa kuti kwathu kunasefukira madzi.

Apa ndi pamene ndinabisa m'kalata yachiwiri ija. Lolemba lake, ndikupita ku ntchito, ndinapeza anthu akukonza msewu pafupi ndi msika wa ku Woolwich. Panali mulu wa miyala yophwanya, yansonga bwino, yotuwa. Ndinatola umodzi. Ndinati mumtima, Bambo sakuona bwino, ndipo ku England sanafikeko. Ndikatumiza uwu aupapasa, amva nsonga, anena kuti timange. Ndinaika miyala iwiriyo pazenera la kuchipinda kwanga, wobulungira kumanzere, wansonga kumanja. Inakhala pamenepo masabata atatu. M'mawa uliwonse ndikamavala yunifolomu ndinkaiyang'ana.

Ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli agogo ena aamuna, a Walter, a zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Miyendo inafooka koma mutu uli bwino kuposa wanga. Anali injiniya, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri pa malo ena akale a magetsi a nyukiliya. Lachinayi lililonse masana, kukapanda mvula, amaloledwa kuti ndiwakankhe pa njinga yawo ya olumala mpaka m'mbali mwa mtsinje wa Thames, umene umadutsa pakati pa London.

Pamenepo pali chinthu chimene ndimalakalaka mutachiona. Pakati pa mtsinje anamanga zipilala mondondozana, chilichonse chovala chisoti chachitsulo chonyezimira ngati chigoba cha nkhono. Pakati pa zipilalazo, pansi pa madzi, pagona zitseko zazikulu. Nyanja ikakwiya n'kuyamba kukankhira madzi kumtunda, zitsekozo zimadzuka n'kutseka mtsinje wonse. Kukakhala nkhungu, zisoti zija zimaoneka ngati zikuyandama zokha. Ndimaziyang'ana n'kumaganiza kuti bwenzi zili pakamwa pa chigwa cha Michesi. Ndimaona zitseko zikudzuka pang'onopang'ono, miyala ija ikuima kumbuyo kwake, achimwene akutuluka m'nyumba ya malata obiriwira akuyasamula, akufunsa kuti phokosolo linali la chiyani. A Walter amandisiya ndilote. Kenako amatsokomola n'kunena kuti tiyi wawo akuzizira.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwaonetsa mwala wobulungira uja. Ndinawafotokozera za kadzenje kanu m'Chingelezi changa chodukaduka. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anautembenuza m'manja nthawi yaitali, n'kunena kuti bambo anga ndi injiniya, kungoti sanawapatse pepala. Anati nawonso asanamange amaboola pansi ndi mapaipi aatali, n'kutulutsa dothi la m'kati mwa nthaka, n'kumawerenga mizere ya mchenga kuti adziwe kuti nyanja inafikapo kangati makolo awo asanabadwe. Anati ndi dzenje lanu lomwe lija, kungoti lawo ndi lakuya.

Anandiuzanso kuti ndinalakwitsa pang'ono. Gombe la mtundu umenewo limakhala choncho kulikonse, chifukwa mafunde amagubuduza miyalayo tsiku ndi tsiku, si chizindikiro cha chigumula chimodzi ngati kwathu. Koma anati kulakwitsa kwanga sikunapite patali, chifukwa m'chaka cha 1953 nyanja inakweradi m'mbali yonse ya kum'mawa kwa dziko lino n'kupha anthu mazana. Iwo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, akukhala kutsidya kwa mtsinje womwewu, ndipo amayi awo anawakweza pamwamba pa kabati, madzi ali m'nyumba. Akuti amakumbukirabe mphika wawo ukuyandama kutuluka pakhomo ngati ukupita kukacheza.

Ndinawafunsa ngati malo atsopanowa ali bwino. Anati chichitikire za ku Japan, omanga anaphunzirapo, makoma akuwakweza, majenereta akuwaika pamwamba ndiponso m'malo osiyanasiyana kuti madzi asawapeze onse pamodzi. Anatinso kuno zivomezi zazikulu ngati za kumeneko sizichitika. Koma anawonjeza kuti ku Japan komweko kuli miyala imene makolo akale anaimika m'mapiri, yolembedwa kuti musamange kumunsi kwa pano, ndipo ambiri anaiona n'kumangabe. Anati chimene amaopa iwo kwambiri si nyanja, koma injiniya amene wasiya kuopa nyanja. Analoza zitseko zija n'kunena kuti amazidzutsa mwezi uliwonse kuziyesa, ngakhale kunja kuli dzuwa, ndipo tsiku limene adzatope nazo ndi limene London idzanyowe.

Mwana wawo wamkazi, a Cathy, amabwera Lamulungu. Iwo ali m'gulu lokana malo amenewa, amayenda ndi zikwangwani. Akakumana ndi bambo awo amakangana mokoma. A Cathy amati bambo awo anawasiyira adzukulu phulusa la poizoni loti alisunge zaka zikwizikwi. A Walter amayankha kuti ketulo imene a Cathy amawiritsira tiyi wa pamisonkhano yawo siyendera mapemphero. Kenako amadyera limodzi mabisiketi. A Cathy atamva za ine anandigwira dzanja n'kunena kuti ndisapite. Ndinafunsa a Walter ngati iwo akanalola mwana wawo kukakhala kumeneko. Anati mwana wawo sanapemphepo chilolezo chibadwire. Kenako anati iwo anakhala pafupi ndi moto umenewo zaka makumi atatu ndipo akalamba bwinobwino, koma nyanja ya unyamata wawo si nyanja ya lero. Sananene kuti pita, sananene kuti usapite.

Chimene chinandikhala mumtima ndi china. A Walter anati mbali yaikulu ya London inamangidwa pa miyala imene mtsinje unagubuduza kalekale. Ndiye kuti, Bambo, mumzinda umene ndakhala chaka ndi miyezi, anthu ochuluka chonchi akugona pa miyala yobulungira. Chowasunga si nthaka. Ndi makoma, zitseko, ndi anthu amene amadzuka kukaziyesa.

Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ndinapita ndi a Shadrick kukaona zitseko zija. Pamenepo ndinawauza zonse, za puloti ya m'mbali mwa msewu, za dzenje lanu, za thunthu la nthochi. Anavula chipewa kunja kukuzizira choncho. Anapepesa chifukwa cha nthabwala ya supuni. Anati anzawo ena pantchito, akaona kuti kapitawo wachoka, amadumpha mfundo zina pomanga waya, poti konkire ikathiridwa palibe amene amaona. Anati iwo sanachitepo zimenezo, ndipo kuyambira tsopano akamamanga mfundo iliyonse azikumbukira dzina la munthu amene sanamuonepo. Gawo limene awalembera ndi la khoma lotchinga nyanja pamalo a magetsi aja.

Ndinawapempha chinthu chimodzi, kuti nyumba yathu ikakhale kumtunda, kutali ndi gombe, ngakhale iwo aziyenda ulendo wautali pabasi, ndipo kuti tisanasaine ndidzakumbe kuseri kwake. Anavomera, n'kunena kuti ulendo uno andigulira fosholo kuti azakhali asasowe chopakulira.

Sindikukunamizani kuti pamenepo mantha atha. Mtunda umatchinga madzi koma sutchinga mphepo, ndipo poizoni uja amayenda ndi mphepo. A Shadrick azikhala m'munsi mwa khomalo tsiku lonse. Mwina a Cathy ndi amene akunena zoona. Koma malowo amangidwa ndithu, ine ndipite kapena ndisapite. Ndaganiza kuti ngati khomalo likumangidwa, ndi bwino pakhale manja a munthu amene wamva za achimwene. Ndipo Bambo, ndinene ngakhale Atikonda aseke, munthuyu ndimamukonda.

Mwala wansonga uja ndinakaubweza pamulu wake Lachiwiri. Tsopano tulutsani umene uli m'sokosi. Ndi wobulungira. Ndi wosalala mbali zonse, mulibe nsonga ngakhale imodzi. Ndikudziwa chimene zala zanu zikukuuzani, ndipo ndikudziwa kuti simunayambe mwamangapo pa mwala wotere. Munataya kale mwana mmodzi pa mwala wotere. Sindinafune kuti mundilole chifukwa chokupusitsani.

Pempho langa ndi limodzi. A Walter anandiuza kuti miyala ya pagombe saloleza kutenga, chifukwa nayo imathandiza kuswa mphamvu ya mafunde. Chimvereni zimenezo ndimadziona ngati ndachotsa njerwa imodzi pa khoma la eni ake. Azakhali akuseka, akuti akawafunsa pabwalo la ndege anena kuti miyala ya ku Karonga inapita yambiri kunja, ife tangobwerekako umodzi. Koma ine ndikufuna ubwerere kwawo. A Shadrick akuyamba ntchito Isitala ikatha, ndipo abale awo ali okonzeka kukaonekera kwa amalume mwezi wamawa. Ndawauza kuti adikire.

Azakhali akhala kumeneko masabata atatu. Muusunge mwalawu masiku onsewo, muupapase, mukambirane ndi Amayi. Ngati mwandilola, muubwezere m'sokosi n'kuwapatsa azakhali pobwera, ndipo muwauze amalume kuti alendo a ku Thyolo awalandire. Ine ndidzapita nawo kugombe kuja n'kukauika pamene ndinautola, malowo ndikuwakumbukira, pafupi ndi nsanamira yachitatu ya mpanda. Ngati simunandilole, musavutike kufuna mawu. Mungousunga pawindo. Azakhali akadzatsegula chikwama ndidzaona ndekha, sindidzakwiya, ndipo sindidzapita mozemba. Koma ndidzakulemberaninso kalata ina, ndi inanso, mpaka Atikonda atatopa kuwerenga.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mafuta opaka bondo ali m'chikwama cha azakhali, m'thumba la m'mbali. Moni kwa amalume ndi akunyumba kwawo. Moni kwa alamu anga, amayi a ana a achimwene, ndi ana onse awiri, muwauze kuti aphunzire kuposa ine. Moni kwa amayi aang'ono ndi a kwaya ya Chigwirizano. Iwe Atikonda, zikomo powerenga. Sokosiyo inzake ili kuno, usaitenge.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni m'mvula ino.

Ndine mwana wanu,
Effie